A Dekhani Sanatukwanepo Munthu

Comfort Kalekeni anali ndi kashopu kotchajira mafoni pa msika wa Kaomba ku Kasungu, pakati pa butchala ndi mayi wina wogulitsa kaunjika. Masana ambiri anthu akakhala kuminda, iye ankangokhala pa benchi n'kumasewera gemu ya nkhondo pa foni yake. Gemuyo inali ya asilikali ambirimbiri otsitsidwa ndi ndege pa chilumba china. Aliyense amathamanga, kutola mfuti m'nyumba zopanda anthu, n'kuwombera yense amene wamuona mpaka patatsala mmodzi.

Tsiku lina mu Novembala, mvula isanakhazikike, kunabwera a Lemani kudzatchajitsa kafoni kawo ka mabatani. Anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa dambo, munthu wa ku Phalombe, wa zaka zopitirira makumi asanu, wamtali, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Podikira foniyo anaima kumbuyo kwa Comfort n'kumasuzumira.

"Achimwene, munthu wanuyu walowa bwanji m'nyumba ya eni osaodira?"

Comfort anaseka. "Mulibe anthu umo, madala."

"Mwadziwa bwanji? Mwina ali kubafa."

Msilikali anatuluka m'nyumbamo n'kuyamba kuthamanga pa chigwa chobiriwira.

"Aa, taimani pang'ono," anatero a Lemani. "Dothi ilo likuoneka labwino. Atagwada aone."

Pongofuna kuseka, Comfort anamugwaditsadi. Nthawi yomweyo chipolopolo chinachokera m'tchire, msilikali anagwa chafufumimba.

A Lemani anapukusa mutu. "Amene wawomberayo zinthu sizili bwino kunyumba kwake. Munthu wadya n'kukhuta sangatero."

Comfort anaseka mpaka wa butchala anabwera ndi mpeni m'manja kudzafunsa chimene chachitika. A Lemani okha sanaseke. Sankaona choseketsa.

Mlungu womwewo Comfort anawalondola ku esiteti n'kuwapempha kuti aziyankhulira msilikali uja, iye azisewera motsatira zimene iwo akunena, kenako ajambule n'kuika pa intaneti. A Lemani anaganiza nthawi yaitali. Anavomera kuti azijambula Lamlungu masana basi, akaweruka ku tchalitchi. Mwana wawo wamkazi, Elube, amene ankakhala nawo n'kumawathandiza kusoka fodya, ndiye anapereka dzina. "Ameneyo ndi a Dekhani," anatero, ndipo dzinalo linakanirira.

Magawo oyamba anajambulira mu shopu, koma chigayo cha kuseri chinkameza mawu. Fodya atayamba kuthyoledwa mu Januwale anasamukira m'chigafa cha a Lemani. Masamba olendewera pa mikangala aja ankatchinga mphepo ndi phokoso la njinga zamoto, moti mawu ankamveka ngati a pa wailesi. Ankakhala pa matumba awiri, foni pakati, fungo la fodya wofota likuwalowa m'zovala.

Comfort sanalembepo chiganizo ngakhale chimodzi. Ankangoyatsa gemu, a Lemani n'kumanena za kumtima kwawo. A Dekhani akapeza galimoto yopanda mwini ankakana kukwera, ati mwini wake akabwera adzayenda pa chiyani. Akakumana ndi mdani ankaima n'kupereka moni wathunthu, kufunsa za ana ndi za mvula kumene wachokera, ndipo kawirikawiri ankaphedwa asanafike pa funso la mvula. Akatola mabandeji ankafunafuna wovulala woti amupatse. Pafupifupi gawo lililonse linkatha iwo atafa, koma sanakwiyepo. Ankangoti, "Zikomo, taonana," basi.

Kamodzi kokha anapambana. Anakhala pansi pa mtengo kuti apumule, anzawo onse n'kuphana okhaokha, womaliza n'kugwera m'phompho. Foni itaonetsa kuti a Dekhani ndiwo atsala, a Lemani anati, "Nanga maliro onsewa tiika ndi ndani?"

Gawo limenelo linayenda m'magulu a Watsapu kuyambira ku Chisemphere mpaka kwa anyamata a ku Joni. Anthu ankaseka, koma sankawaseka ngati chitsiru. Mayi wina analemba ndemanga yoti a Dekhani akumukumbutsa malemu bambo ake. Mphunzitsi wina wa ku Kapelula anati munthuyu ali bwinobwino, chopenga ndi chilumbacho. Comfort ankawawerengera ndemangazi m'chigafa muja, a Lemani n'kumamvetsera atawerama, manja akusoka fodya.

Atafika gawo la khumi ndi chinayi, oonera anayamba kuchepa. Ena analemba kuti atopa nazo zomangofa. Kenako Masautso, mnyamata wa ku Lilongwe amene anali ndi tsamba lalikulu la nthabwala, anamuimbira foni Comfort.

"Mdala wakoyo ndi katundu, aise. Koma wafatsa kwambiri. Mukwiyitse kamodzi. Aledzere, atukwane, awombere. Ukatero ndiika pa tsamba langa, dziko lonse limuona."

Unali mwezi wa Epulo, nthawi yosankha fodya. Comfort anawapeza a Lemani atakhala pa mphasa, masamba atawazungulira m'milu, ofiira kwawo, oyera kwawo, ong'ambika kwawo. Anawafotokozera zonse.

"Iyayi, achimwene. A Dekhani sangatero."

"Kamodzi kokha, madala. N'zoseketsa chabe."

"Chimene chiwakwiyitse n'chiyani? Anthu awawombera kakhumi n'kanayi osakwiya. Lero ayambe chifukwa chakuti munthu wa ku Lilongwe wafuna?"

"Komatu a Dekhani kulibe," anatero Comfort, mawu atakwera pang'ono. "Ndi kachidole ka m'foni. Ndikakakhotetsa kumanzere kamapita kumanzere."

A Lemani anatenga tsamba, analiyang'ana ku dzuwa, analiika pa mulu wake. "Ndiye kakhotetseni. Koma pakamwa panga ayi."

Sanakangane kuposa apo. A Lemani anamuperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo monga mwa masiku onse.

Comfort anali atamvetsera mawu a munthuyu kwa miyezi isanu, kuwadula, kuwalumikiza, kuwabwereza. Ankadziwa pamene amapumira, ndi m'mene amakokera mawu akuti "achimwene". Lachitatu masana, chigayo chitazima chifukwa cha kuthima kwa magetsi, anatseka chitseko cha shopu n'kujambula yekha. Anayesa kanayi. Kachisanu ngakhale iye mwini anachita mantha ndi m'mene zinafananira.

M'gawo limenelo a Dekhani analowa m'nyumba mothyola chitseko, akudzandira. Anatukwana mdani woyamba, anatukwana mayi ake a mdaniyo, anatchula ziwalo zimene munthu wamkulu satchula pa gulu. Anawombera anthu asanu ndi atatu. Masautso anaika pa tsamba lake Lachisanu, ndipo pofika Lolemba anthu amene anaonera anali ochuluka kuposa a magawo onse aja kuwaphatikiza.

Elube anabwera ku shopu Lachiwiri m'mawa. Sanalowe. Anaima pakhomo, manja ali akuda ndi utomoni wa fodya.

"A Comfort, bambo anajambula liti zimenezi?"

Comfort anayang'ana mawaya a matchaja. "Si iwowo. Ndinayeseza ndine."

"Ine ndikudziwa kuti si iwowo. Koma akudziwa ndani wina? Dzulo kumsika anyamata amawakuwiza mawu amenewo ali ndi ine pambali. Akulu a mpingo awauza kuti ayambe apuma kaye kutsogolera mapemphero a m'mudzi mpaka nkhaniyi imveke bwino. Amayi aimba kuchokera ku Phalombe akulira, ati kodi ku Kasungu munapitira mowa."

"Ndichotsa. Lero lomwe."

"Chotsani, ndipo munene kuti munali inu."

Sanachotse tsiku limenelo. Nthawi iliyonse akatsegula foni kuti achotse, ankapeza nambala ya oonera itakweranso, ndemanga zatsopano zikumutcha katswiri. Ankadziuza kuti mawa. Panadutsa masiku asanu ndi anayi. Pamene anachotsa n'kupempha Masautso kuti nayenso achotse, kanemayo anali kale m'mafoni a anthu osawerengeka, ena atadula kachigawo ka kutukwana kokha n'kumatumizirana. Za kunena kuti anali iye, anangokhala chete.

A Lemani anabwera kamodzi, kumayambiriro kwa Meyi, ndi kafoni kawo kaja. Anapereka moni, anafunsa za makolo a Comfort, anakhala pa benchi.

"Ndinamvetsera," anatero a Lemani patapita nthawi. "Elube sankafuna, koma ndinamuuza andiyatsire. Muli ndi luso, achimwene. Pena ndinadzifunsa ngati sindinanenedi ndili m'tulo."

"Madala, ndinalakwa."

"Chimene chandipweteka si anyamata a kumsika. Aja ndi ana. Koma mayi uja amene anati munthuyu akufanana ndi bambo ake, mwamuuza chiyani tsopano?"

Foni itadzaza a Lemani anaitenga, anathokoza, n'kumapita. Kuyambira pamenepo ankatchajitsa kwa munthu wina ku esiteti konko.

Comfort anaganiza zopita yekha kwa akulu a mpingo. Kawiri anafika mpaka pa mlatho wa mitengo uja n'kubwerera, poopa kuti nkhani ikafika kwa bambo ake, amene nawonso anali odziwika pa tchalitchi cha kwawo. Anadziuza kuti anthu aiwala okha.

Fodya anamangidwa m'mabelo, anapita ku okushoni, ndipo mu Ogasiti lole inabwera kudzatenga matenanti obwerera kwawo. Comfort anamva kwa wa butchala kuti a Lemani ndi Elube anakwera nawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zonse ankapita kukaona kumudzi n'kubwerera nthawi ya nazale. Chaka chimenecho nazale zinafesedwa, mbande zinamera, m'nyumba yawo munalowa banja lina la ku Dedza.

Mu Okutobala Comfort anawaimbira foni. Anayankha okha, mwaulemu ngati kale. Anati akulima nandolo pa kamunda ka mlongo wawo, miyendo siikulolanso ntchito ya fodya. Comfort sanadziwe ngati za miyendozo zinali zoona.

"Madala, ndikufuna tikonze. Ndibwera konko ndi foni, tijambule gawo limodzi, a Dekhani abwerere m'mene analili."

Pa foni pankamveka nkhuku chapatali.

"Achimwene, munthu uja ndinkamukonda. Ankanena zinthu zimene ine ndikazinena pa esiteti anthu ankati ndine wogona. Koma tsopano ndikatsegula pakamwa kuti ndimuyankhulire, anthu azidikira kuti atukwana liti. Musiyeni apume."

Mlungu wotsatira Comfort anaimika foni pa shelefu n'kudzijambula nkhope yake. Anatchula dzina lake ndi la bambo ake. Ananena kuti mawu a m'gawo lomaliza lija anali ake, kuti a Lemani anakana, ndipo kuti sanawamvepo akutukwana munthu kapena mbuzi. Anatumiza kwa Masautso, amene anayankha kuti zimenezo sizoseketsa ndipo sangaike. Pa tsamba la Comfort anaonera anthu mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Kenako anapitadi kwa akulu a mpingo aja. Anamumvetsera, anamudzudzula, analonjeza kulemba kalata ku Phalombe. Mmodzi wa iwo pomuperekeza anangoti, "Ukanabwera mu Epulo, mwana iwe."

Gemu ija sanaifufute m'foni, koma sanajambulenso. Anayesapo kamodzi kupanga msilikali wina wa dzina lina, wothamanga ndi wolongolola, koma atafika pakati anaona kuti sakudziwa chimene munthuyo anganene akaona mtengo, ndiye anasiya.

Chakumapeto kwa chaka anakwera minibasi kupita ku boma kukagula mabatire. Atadutsa mphambano, mnyamata wa mpando wakutsogolo anayatsa foni mokweza, ndipo Comfort anamva mawu ake omwe, atavala mawu a a Lemani, akutukwana mayi a munthu. Minibasi yonse inaphulika ndi phwete. Kondakitala anapempha kuti abwereze.

Pambali pake panali mayi wonenepa atanyamula thumba la mtedza pa miyendo, akupukuta misozi ya chiseko. Comfort anamuweramira.

"Mayi, mdala ameneyo sananene zimenezo. Ndinayeseza mawu ake ndine."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inuyo?" Anatembenukira kutsogolo. "Tamverani kuno, akuti a Dekhani ndi awa!"

Anthu onse anacheuka, nkhope zili ngwee. Wina anayamba kuloza foni kuti amujambule.

"Tatukwanani pang'ono timve," anatero kondakitala.