Mbedza Zopanda Nyambo

"Nanga chikalemera, alamu, tikoka bwanji?" anafunsa mayiyo.

Mlamu wake anangopalasa mpaka pamtengo pamene anamangirira chingwe m'mawa, n'kuika nkhafi pansi.

Linali tsiku lachinayi chigwereni mwamuna wa mayiyo mumtsinjewo. Bwato linapezeka m'bango lili lokha, beseni ndi nsapato zili momwemo. Asodzi anzake anafufuza ndi nsungwi masiku awiri, kenako anayamba kukumbukira kuti nawonso ali ndi ana. Mmodzi ndiye anati atchere chingwe cha mwiniwakeyo kumunsi kwa pamene mtsinje umakhota, kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo, mbedza zonse makumi asanu ndi atatu, koma zopanda nyambo. Munthu akamayenda ndi madzi, zovala zimakodwa.

Tsiku lonse awiriwo anakhala m'bwato kuyang'anira zigubu zoyandamitsa chingwe. Kumtunda apongozi a mayiyo anali chikhalire pamwala, bulangete lopindapinda lili pamiyendo.

Mlamuyo anagwira chingwe n'kuyamba kukoka mwamphamvu.

"Osati choncho," anatero mayiyo. "Bwato ndi limene limatsata chingwe. Dzanja ili, kenako ili."

"Achimwene ankanenanso zomwezo. Ati ndimakoka ngati ndikuzula chitsa."

Mlamuyo anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Mayiyo anakhala kutsogolo n'kutenga chingwecho. Zaka khumi ndi ziwiri ntchito yake inali yoika nyambo pakhonde, kuvuula anali asanavuulepo. Komabe manja ankadziwa. Chingwe chimazungulira m'beseni, mbedza iliyonse imabayidwa pamphira wa m'mphepete, motsatana, kuti mawa zisapiringizane. Ankawerenga chamumtima. Pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri panatuluka thumba la pulasitiki. Pa makumi atatu panali mlamba wopusa umene unameza chitsulo chopanda kanthu. Mlamu anauponya pansi, ukuphiriphitha pamapazi awo.

Atadutsa makumi asanu, chingwe chinakungika.

"Chipika chimenecho," anatero mlamu, mofulumira kwambiri.

Chipika sichibwera. Ichi chinkabwera, pang'onopang'ono, chikugwedezeka ndi madzi.

"Alamu, pang'ono pang'ono. Chikakana mumasuleko, musalimbane nacho. Ndipatseni ine," anatero mlamu.

"Gwirani bwato," anatero mayiyo.

Chingwe chinkamudya m'zala. Mkono umodzi, wina. Pansi pa madzi odawo panaoneka chinthu chakuda, chachitali, chikutembenuka. Kaya chinali nsalu, kaya khungwa. Mayiyo anaimirira. Zonse zimene anamva kwa mwamuna wake zaka khumi ndi ziwiri zinamuthawa, ndipo anakoka ndi thupi lonse kamodzi n'kamodzi.

Anagwa chagada pabeseni. Chingwe chinabwera chopepuka ngati ulusi.

Mlamu anapisa nkhafi m'madzi, kuno, uko, akuitana achimwene ake ngati munthu ali kuseri kwa nyumba. Madzi ankangopita.

Mbedza ya makumi asanu ndi mphambu zinayi inali itawongoka ngati singano. Mayiyo anaiyang'ana kunsonga, anaitembenuza, anainunkhiza. Panalibe kaulusi, panalibe kakhungwa. Anaibaya pamphira pamalo pake, n'kupitiriza kuvuula zotsalazo mpaka tsidya linalo, dzanja ili, kenako ili.

Atafika kumtunda, apongozi anaimirira n'kufunyulula bulangete. Ataona m'bwato muli mlamba wokha, anayambanso kulipinda.

"Mawa titchere kumunsi kwenikweni," anatero mlamu. "Ndibwereka mbedza zazikulu, zija za..."

Mayiyo anasenza beseni.

"Mawa tiika nyambo."