Azakhali Atanyamula Ambuye

Azakhali anali ndi pakamwa. Kubutchala kumene ankadula nyama, kasitomala akawaputa ankamutukwana mpaka ntchentche kuthawa. Koma Lamulungu Misa ikatha, wansembe akawaveka m'khosi kabokosi ka Ukaristia wopita kwa odwala, ankangoti chete. Moni sankayankha, dzanja sankapereka. Manja onse awiri ankakhala pachifuwa, pamwamba pa kabokosiko, mpaka akafike pabedi la wodwala. Palibe anawalamula zimenezo. Iwo okha ankati munthu amene wanyamula Ambuye sachezera m'njira.

Tsikulo ankapita kwa alamu awo, mkazi wa malemu mchimwene wawo. Mayiwo anali atasiya kudya, ndipo anatumiza mawu kuti akufuna kulandira Ukaristia asanatsikire kuli chete.

Nyumba inali kuseri kwa galaja ya mwana wa wodwalayo, makaniko amene aliyense ankamutcha Sipanala. Pabwalo panali matayala akutha, injini yolendewera pa tcheni, ndi beseni lodzaza oilo wakuda. Sipanala anatuluka kunsi kwa galimoto, maso ali psuu.

"Azakhali, imani pomwepo."

Iwo anapitirira.

"Ndati imani! Kabokosi kanu kaja mwabwera nakonso? Bambo anga munawadyetsa Lamulungu, Lolemba tinali kwa okhoma mabokosi. Achemwali anga chimodzimodzi. Lero mwatsata amayi?"

Mkazi wake anasuzumira pakhomo, mwana ali kumsana. "Bambo a mwana, asiyeni. Amayi anawaitana okha."

"Iwe lowa m'nyumba! Amayi anga safa. Akudwala basi." Anatembenukira kwa Azakhali. "Yankhanitu. Kubutchala mumabwebweta ngati wailesi, lero lilime mwagulitsa pamodzi ndi la ng'ombe?"

Azakhali anamulambalala, maso ali kukhomo. Sipanala anatola lamba wa injini ndi kuwakwapula kumsana. Bulauzi yoyera inang'ambika. Anawakwapulanso m'khosi, khungu linatseguka. Iwo anadzandira koma manja sanachotse pachifuwa. Anyamata a galaja yoyandikana anakwera pampanda kudzaonera, wina akuseka, wina akuti, "Uwuwu ndi ufiti, munthu osalira n'komwe!"

Sipanala anagwira chingwe cha kabokosi ndi kukoka. Azakhali anagwa chafufumimba, mlomo unamenya simenti. Sipanala anagwada pamsana pawo, nayamba kukanula zala chimodzichimodzi.

"Ndikaponya mu oilomo. Tione ngati Mulungu wanu amasambira."

Chala chaching'ono chinati thyo. Azakhali anakweza diso, naona beseni lija pafupi ndi mutu wawo. Zala zotsala zinali kuterereka. Anaweramitsa chibwano, natsegula chivindikiro ndi mano, nanyamula kamkate koyerako ndi lilime. Anakameza pamodzi ndi magazi a m'kamwa mwawo. Kenako anatambasula manja.

Sipanala anatsomphola kabokosi, nakapeza kopanda kanthu.

"Tsopano tatsala awiri, iwe ndi ine, galu iwe," anatero Azakhali.

Mikono imene inkanyamula mwendo wa ng'ombe tsiku lililonse inamugudubuza ngati thumba la mankhusu. Anamugwira khutu, namumenyetsa mutu ku tayala, kawiri, katatu. Bondo analiika pamimba pake.

"Matewera ako ndinachapa ndine! Manyi ako ndimawadziwa fungo! Lero ukwapule ine? Ukwapule ine nditanyamula Ambuye?"

"Azakhali, mumupha!" analira mkazi wa Sipanala.

"Akafa ndimudula ndekha, ndigulitse pakilo." Anamupatsa khofi lomaliza, natola kabokosi, nakapukuta ndi mpango. Pampanda panalibenso munthu.

M'chipinda munkanunkha mankhwala ndi mkodzo. Alamu awo anali atatsala mafupa okhaokha, koma makutu anali akugwirabe ntchito.

"Mwabwera nawo Ambuye, alamu?"

"Ndawadya ndekha. Mwana wanu amafuna kuwaponya mu oilo."

Wodwalayo anatembenukira kukhoma. "Ndiye ndipite chimanjamanja?"

"Musayerekeze kufa. Ndidikireni."

Potuluka anapeza Sipanala atakhala pa tayala, magazi akutsika m'khutu, akulira ngati kamwana.

"Ndatsala ndi iwo okha, azakhali."

"Ndikudziwa. Koma imfa sinabwere ndi ine. Inalowa kalekale, iwe uli kunsi kwa galimoto. Liza njinga yako yamoto undiperekeze kutchalitchi."

"Sindipita."

"Khala."

Azakhali anayenda wapansi, nsapato imodzi itaduka. Kutchalitchi anapeza wansembe akukwera galimoto kupita kukaika maliro. Wansembeyo atawaona anagwira pakamwa.

"Mayi, pitani kuchipatala! Ndiimbire apolisi? Wodwalayo ndikamuona ndekha madzulo."

"Madzulo mukapeza mtembo, abambo. Wodwalayo munandipatsa ine. Tsegulani tabenakulo, mundipatse Ukaristia wina."

Wansembe anayang'ana chala chopindikacho, natsika m'galimoto. Anachimanga ndi mpango wake, naika mkate wina m'kabokosi, nalumikiza chingwe choduka chija ndi mfundo.

Dzuwa linali litapendeka pamene Azakhali analowanso pabwalo la galaja, ali chete, manja pachifuwa. Sipanala anali atakhala pakhomo penipeni pa nyumba, miyendo atapingasa, chitsulo chomasulira matayala chili pamaondo. Mkazi wake anaima kumbuyo kwake.

Azakhali sanachepetse liwiro. Anafika mpaka chala chawo chakuphazi chinakhudza nsapato yake. Sipanala anakweza chitsulo m'mwamba.

M'chipinda munamveka mawu ofooka. "Mwanawe, ndili ndi njala. Alowe."

Chitsulo chinakhala m'mwamba kanthawi. Kenako Sipanala anachiponya pa galasi la galimoto ya kasitomala, galasi linati phwaa, ndipo iye anapinda miyendo.

"Akafa ndikupezani," ananong'ona.

Azakhali anadutsa. Anagwada pambali pa bedi, natsegula kabokosi ndi zala zimene zinkamvabe.

"Thupi la Khristu."

"Amen," anayankha alamu awo, natsegula pakamwa.