Mchere m'ndiwo za Lufeyo

1.
Kadontho kakuda pansi pa phazi la mwamuna wanga Lufeyo. Wakabaza sayang'ana kuphazi, amayang'ana msewu. Tinati ndi pedulo yamutsula. Tinati ndi thekenya. Atatuluka mwanabere ndi pamene tinakwera minibasi kuchoka kwathu ku Mponela, ndipo kuchipatala chachikulu anatiuza dzina lake: melanoma, khansa ya pakhungu.

2.
Mankhwala a m'diripi. Pabenchi anakhala moyandikana ndi a Chibwana, telala wa ku Salima, nawonso phazi, nawonso lamanzere. Ankasanza limodzi, tsitsi linathothoka limodzi, ankanyozana za mpira ngati anakulira nyumba imodzi. Chotupa cha a Chibwana chinafota. Cha Lufeyo chinanenepa.

3.
Mankhwala ndi amodzimodzi, anatero alamu anga a Felesiya, mlongo wake wa Lufeyo. Nanga achimwene okha sakuchira bwanji? Taonani mwendo kutupa, tamvani chifuwacho. Uwu ndi mdulo. Alamu, munayenda ndi ndani, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za achimwene?

Mchere.

4.
Mayi, anatero adokotala atanditengera pambali, mankhwala ndi amodzi koma zotupa si zimodzi, mwa amuna anumu muli timaselo tina timene timalavula mankhwala asanagwire ntchito, tina mankhwala akatiwononga timadzikonza tokha, tina nthawi yake yofa ikakwana timakana, ndiye pakati pa chotupacho magazi safika bwino choncho mankhwalanso safika, khansa iyi ndi yamakani kwa anthu ambiri, a Chibwana ndiwo amwayi, si chakudya, si inu, si iwo, ndipo tikapitiriza diripi tingowazunza, apite akapumule kunyumba

5.
Ndinadziuza ndekha: unamva iwe Esinta. Usaname, unamva zonse.
Timalavula.
Timadzikonza.
Timakana kufa.
Si inu.

6.
Kunyumba Lufeyo anatembenukira kukhoma. Phala ayi, tiyi ayi. Mwana wathu Tiyese akamuitana, iye osacheuka n'komwe. Njinga inachita dzimbiri pakhonde, nkhuku n'kumagona pakaliyala.

7.
Mdulo uli ndi mankhwala, anatero amalume ake a Lufeyo. Koma sagwira wolakwa asanavomere.

Ndinavomera.

Ndani?
Venda wogula soya. Anapita kale.
Kangati?
Kamodzi.

A Felesiya anawomba m'manja kamodzi, phwa, ngati apha udzudzu. Ndimanena ine!

8.
Amake Tiyese, wandipweteka mtima, koma bola tadziwa, anatero Lufeyo. Ndimaona ngati Mulungu wasankha Chibwana n'kunditaya ine. Kani chifukwa chilipo. Patse mankhwalawo ndimwe.

Anamwa. Anadya. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde, mwendo uli pampando, akuthira oyilo tcheni cha njinga, akuimba mluzu.

9.
Zimene sindinaloledwenso kugwira:
mchere
mbale yake
phazi lake

Bala ankatsuka a Felesiya, ndi manja awo olimawo. Iye akakuwa, ine ndinali kuseri kwa chitseko.

10.
Pa maliro a Lufeyo, a Chibwana anabwera okha, akuyenda ndi mapazi awo onse awiri. Anandipepesa. Amayi a m'mudzi anasendera kutali ndi mphasa yanga. Tiyese mpaka lero ndiwo amathira yekha mchere m'mbale.

Si inu, anatero adokotala.
Ndimanena ine, anatero alamu.

11.
Venda wa soya kunalibe. Chikhalire sindinagonepo ndi mwamuna wina, ngakhale m'maloto. Ndinangoona kuti khansa yake ilibe mankhwala pamene mdulo uli nawo, ndipo munthu sangadye phala popanda choyembekezera. Ndinkati akapezako mphamvu ndimuuza. Atapezako mphamvu ndinaopa kumulanda. Mawa, mawa, mpaka mawawo anatha. Izi zimandiwawa kuposa maliro enieniwo.

M'mawa wake womaliza anandiitana, anauza a Felesiya kuti atuluke, n'kundigwira dzanja.

Amake Tiyese, ndakukhululukira.

Pakamwa panga panali podzaza ndi mawu. Ndinayang'ana maso akewo, anali a munthu amene wamaliza ntchito yolemetsa ndipo akufuna kupuma.

Ndinati zikomo.