Foni Imene Sinkayenera Kuzima

Anaona chingwecho asanaone nkhope. Chinali chingwe cha mahedifoni, choyera, chopyapyala, chotulukira kumkono wa juzi n'kukabisala m'chikhatho chimene mtsikanayo anatsamiritsapo khutu. Desiki lachitatu kuchokera kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka. Sanafunikire kuyandikira kuti adziwe mwini wake. Juzi imeneyo anaiyanika yekha pachingwe dzulo lake.

Ana a pasukulupo ankamutcha Wamakiyi. Sanali mphunzitsi weniweni. Ku koleji ya uphunzitsi anachitako zaka ziwiri, ndipo mayi ake atamwalira anabwera kumaliro osabwereranso. Ahedi anamumvera chisoni n'kumupatsa ntchito yosunga mabuku, choko ndi makiyi. Mphunzitsi akadwala ankamutuma kukakhala m'kalasi kuti ana asathyole mabenchi. Tsiku limenelo amene anadwala anali wa masamu, ndipo kalasi yake inali Fomu 3, momwe munali mlongo wa Wamakiyi, mzime wa mayi awo.

Lamulo la mafoni aliyense ankalidziwa. Wachiwiri kwa ahedi, mayi amene ana ankawatcha a Belu chifukwa anali asanachedwepo chiyambire, analimata pachitseko cha kalasi iliyonse. Foni ikapezeka m'kalasi izimitsidwe pamaso pa onse, iikidwe mu envulopu, itsekeredwe m'kabati yachitsulo mpaka tsiku lotsekera sukulu. Teremu imeneyo Wamakiyi anali atazimitsa mafoni makumi awiri ndi anayi, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inamusowetsa mtendere.

Koma iyi ankaidziwa. Inali ya mayi, yong'aluka galasi pakona, yomata selotepi kumbuyo. Miyezi itatu imene anagona m'chipatala, mayi ankakhala ndi mphamvu m'mawa mokha, ndipo m'mawa mzime wawo ankakhala ali kusukulu. Ndiye anayamba kujambula mawu awo m'fonimo. Mwanayo akafika masana n'kuwapeza ali m'tulo, ankakhala pambali pa bedi n'kumamvetsera zimene amuuza. Nthawi yonseyo Wamakiyi anali ku koleji, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, akulemba mayeso. Akaimba ankangomuuza kuti ndi chifuwa chabe. Anafika atawatseka kale maso.

Foniyo inazimapo kamodzi maliro atatha, ndipo inakhala masiku anayi kwa wokonza mafoni isanadzuke. Wokonzayo anawauza mosabisa kuti yayaka mwamwayi, ikadzazimanso asadzavutike kubwera nayo. Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankaisamala ngati khanda. Katatu konse Wamakiyi anamupempha kuti amvereko, kapena angotumiza mawuwo mufoni yake kuti asadzatayike. Katatu konse yankho linali limodzi: ankalankhula ndi ine.

Anayenda pakati pa madesiki pang'onopang'ono. Akanatha kutsokomola, kapena kugwedeza makiyi ali patali monga ankachitira ndi ana amene ankawakonda, chingwe chikanalowa m'juzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Anali pafupi kutero. Kenaka anaona kuti mlongo wake akumwetulira. Maso anali pa kope la masamu, koma pakamwa panali kumwetulira kumene iye anali asanakuone m'nyumba mwawo kwa miyezi isanu ndi iwiri. Kunyumba ankadya moyang'anana ngati anthu odikira basi. Kuno, pakati pa phokoso la ana makumi asanu, mwanayu anali ndi mayi ake payekha.

Anagogoda pa desiki ndi kiyi n'kutambasula dzanja.

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Kumwetulira kuja kunachedwa pang'ono kuchoka, ngati sikunamve msanga kuti zinthu zasintha. Anasolola foni m'juzi, nazula chingwe, n'kuiika m'dzanja la mchimwene wake ndi manja awiri. Inali yofunda.

Kenaka mnyamata wina wamtali amene ankagwira pagolo m'timu ya sukulu, yemwe foni yake inali m'kabati kuyambira sabata yachiwiri, anatsamira kumbuyo n'kuyankhula ngati akuuza denga.

"Yanga ija, Sala, munaizimitsa ndisanamalize n'komwe kupepesa. Kapena lamuloli lili ndi achibale ake?"

Ana anaseka. Wina kumbuyo ananena kuti mwina iyi aiika m'kabati ya kunyumba, momwe muli shuga. Wamakiyi anakweza foniyo m'mwamba kuti onse aone, nadina batani la m'mbali. Galasi linada. Anangolidina kamodzi, mwachidule, moti foniyo inangogona, sinazime. Iye yekha ndi amene ankadziwa zimenezo.

Mlongo wake sanalire. Anangotulutsa kampweya pang'ono, ngati munthu amene waponda munga koma sakufuna kuti anzake adziwe. Wamakiyi akanatha kumuyang'ana m'njira yoti amvetse. Sanatero. Anaika foni mu envulopu, nalemba dzina, n'kuuza ana kuti atsegule tsamba makumi asanu ndi limodzi. Mphindi makumi awiri zimene zinatsala anazikhala kutsogolo, envulopu ili pa tebulo, akuyang'ana mutu woweramawo, ndipo mumtima mwake munali kanthu kotsekemera kamene sanafune kukatchula dzina. Naye amveko. Adziwe mmene zimakhalira kufika zonse zitatha.

Belu litalira anapita kuchipinda chosungira mabuku n'kudzitsekera. Chinali chipinda chaching'ono chonunkha fumbi ndi mapepala onyowa, chokhala ndi mashelefu mbali zitatu, tebulo lothyoka mwendo, ndi kabati ya mafoni ija pakona. Anatulutsa foni mu envulopu. Itayaka, anaona kuti moto watsala pang'ono kwambiri, kachizindikiro kake kafiira kale. Mawu amene mlongo wake ankamvera anali ataima pakati. Pansi pake panali mndandanda wautali. Anawerenga ndi chala. Makumi asanu ndi limodzi kudza atatu.

Anadina, n'kuika foni kukhutu.

Mayi ankanena za bulauzi. Ankati bulauzi yoyera asamaiviike pamodzi ndi juzi chifukwa juzi ija imasuluka, ndipo kolala azichita kuipikicha ndi manja, osati kuimenya pamwala ngati thumba. Anatsokomola nthawi yaitali. Kenaka anaseka, n'kunena kuti mayi wa pabedi loyandikana ndi lawo akuti mzimeyo akayenda amaponda ngati msilikali, ndiye akamalowa m'wodi azikumbukira kuti muli odwala. Mawu anathera pomwepo.

Wamakiyi anakhala pa katoni ya mabuku. Anali ataiwala kuti mayi ankakoka mpweya ndi mphuno asanaseke. Miyezi isanu ndi iwiri yokha, iye anali ataiwala, pamene mwana uja ankazimva tsiku lililonse, ngakhale pa phunziro la masamu. Za bulauzi. Za mapondedwe. Iye amene ankawanyamulira madengu kumsika kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi sanatchulidwe ngakhale mwangozi. Chala chake chachikulu chinapita chokha pa batani lija. Akanangolipanikiza kwa kanthawi, palibe akanamuimba mlandu. Lamulo linali pachitseko, ndipo ana makumi asanu anali ataona kale foniyo ikuzima.

Chitseko chinagogodedwa. Anaika foni pansi pa envulopu n'kutsegula.

Anali mlongo wake. Sanalowe. Anaima pakhomo, m'manja muli tchaja yokulungidwa bwinobwino ndi mahedifoni aja, naziika pa tebulo lothyokalo.

"Tengani ndi izi, achimwene. Zilibenso ntchito."

Anatembenuka kuti azipita. Wamakiyi anayang'ana tchajayo. Chingwe chake chinali chomangidwa ndi ulusi wakuda pamalo awiri pamene chinkafuna kuduka. Anamuitana, nachotsa envulopu, n'kukhudza galasi. Linawala.

Mtsikanayo anagwira chitseko. Kenaka anakhala pansi pomwepo pa simenti, yunifolomu yake ikupukuta fumbi. Sanathokoze. Atapeza mpweya anangoti moto watsala pang'ono, ailumikize msanga. Soketi inali kuseri kwa shelefu ya mabuku a sayansi. Wamakiyi anagwada n'kuilumikiza, ndipo kanyali kakang'ono kanayaka pamwamba pa foniyo.

Ali chogwada choncho, osamuyang'ana, ananena zonse zimene anazisunga. Ananena kuti mayiwo anali akenso. Anati iye anasiya koleji kuti mwanayo asakhale yekha m'nyumba, amamuphikira, amamuchapira, koma kumumvetsa mawu amodzi okha kwamukanika. Anamufunsa kuti anamulakwira chiyani, kapena akuganiza kuti mawuwo akawamva wina atha ngati sopo.

Ana a panja anayamba kubwerera m'makalasi. Mtsikanayo anayankhula motsitsa, maso ali pa nsapato zake.

"Muli mawu asanu ndi awiri amene akunena za inu. Onse akunena chinthu chimodzi. Akuti ndisakuuzeni kuti zafika poipa, mumalize mayeso kaye. Ena akuchita kundilumbiritsa." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Ine ndinamvera. Panopa mumakwiyira ine, ndipo ndinazolowera. Mukawamva mudzakwiyira iwo. Ndiye adzakuyankhani bwanji?"

Mayeso amenewo Wamakiyi anakhoza onse. Kalata ya zotsatira zake inali m'sutikesi pansi pa bedi, sanaionetsepo munthu. Anafuna kukwiya, koma sanadziwe kuti ayambire kwa ndani. Chimene chinamupweteka kwambiri, ndipo anachita nacho manyazi, chinali chakuti ngakhale chinsinsicho mayi anasungitsa mwana uyu, osati iye.

Anamuuza kuti apite m'kalasi. Iye anapita ku ofesi ya a Belu.

Anawapeza akuchonga makope. Anafotokoza zonse ataimirira, za chipatala, za wokonza mafoni, za batani limene anangolidina mwachidule. A Belu anamvetsera osasiya cholembera. Atamaliza anavula magalasi n'kumuuza kuti ana makumi awiri ndi anayi aja nawonso ali ndi zifukwa zawo, ena zomvetsa chisoni, ndipo akatsegula kabati chifukwa cha mlongo wa wogwira ntchito, mawa lamulo lija alichotse pachitseko akakulungire mtedza. Foniyo sichoka m'kabati mpaka tsiku lotsekera. Mtsikanayo akolopa khonde sabata yonse. Ndipo iye, Wamakiyi, apite yekha ku Fomu 3 akawauze ana kuti anawanamiza.

Za kuzimitsa sananenepo. Wamakiyi anadikira. A Belu anavalanso magalasi, natsegula kope lina, n'kunena ngati akudandaula za chinthu china kuti kabati ija inachita dzimbiri kumbuyo, ili ndi bowo loti khoswe n'kulowa, ndipo akhala akuuza ahedi chaka chonse.

Wamakiyi anabwerera kuchipinda cha mabuku n'kuikoka yekha kabatiyo, ikulira pa simenti, mpaka pafupi ndi shelefu ya mabuku a sayansi. Analowetsa chingwe pabowo, naika foni pa shelefu ya m'munsi, pambali pa maenvulopu makumi awiri ndi anayi aja, n'kukhoma. Kenaka anapita ku Fomu 3. Ananena mwachidule kuti foni ija sanaizimitse, kuti ili m'kabati ngati zinzake, ndiponso kuti muli mawu a munthu amene anamwalira. Wapagolo uja anatsegula pakamwa, nayang'ana desiki lachitatu kuchokera kumbuyo, n'kutsekanso.

Poweruka Wamakiyi anabwereranso kuchipinda chija. Sukulu inali itayamba kuchita bata. Kiyi wa kabati anali m'dzanja lake, wamng'ono, wopindika pang'ono. Milungu itatu inali itatsala kuti atsekere. Milungu itatu, chipinda chake chomwe, chitseko chokhoma m'kati, ndi mawu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu amene akanatha kuwamva onse mpaka kuwaloweza, mwanayo osadziwa. Asanu ndi awiri aja akanawapeza tsiku loyamba lomwe.

A Belu anali akutseka zenera la ofesi pamene iye anagogoda. Anachotsa kiyiyo pa mpukutu wa makiyi n'kumuika pa tebulo lawo.

"Uyu musunge ndinu, Madamu. Akakhala ndi ine ndikatsegula."

A Belu anamuyang'ana kanthawi, kenaka anatenga kiyi n'kumuponya m'kachikwama kawo osafunsa kalikonse.

M'mawa mwake anafika kusukulu awiriwo ana ena asanabwere. Mtsikanayo anasiya ndowa ndi chokolopera pakhonde, n'kulowa naye m'chipinda cha mabuku. Anagwada kuseri kwa kabati, nasuzumira pabowo pamene chingwe chinalowera, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenaka anasendera kuti mchimwene wake aonenso. Wamakiyi anaika diso pabowopo. Munali mdima, fungo la dzimbiri, ndi kanyali kaja, kakuyaka. Mayi anali m'menemo, ndipo kwa milungu itatu palibe mmodzi wa iwo amene akanawamva. Anadziwa kuti si chinthu chabwino kuchisangalalira, komabe mtima wake unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda.

Anadzuka, napukuta fumbi m'mawondo, n'kumuuza mlongo wake kuti akolope kuyambira kumapeto kwa khonde, apo ayi apondapo yekha pobwerera, ndi mapondedwe ake a usilikali aja.

Mtsikanayo anaima ndowa ili m'manja. Anadziwa kumene mawuwo achokera. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kumapeto kwa khonde n'kuyamba kukolopa.