Mkanda wa Bambo Anga

"Mayi, khosi langa likuyabwa," anandinong'oneza mwana wanga Kauna.

Tinali mkati mwa ukwati wake ku Opuwo, dzuwa likuswa mtengo, azimayi akuvina m'madiresi awo aatali. Ndinakweza kolala yake. Thukuta linkatsika la buluu, litadetsa kale nsalu yoyera ya diresi lake.

Mkanda umene anavalawo ndinali nditatunga ndekha. Miyala yake ya buluu, yotchedwa sodalaiti, anakumba ndi bambo anga ku Swartbooisdrift, kumene fumbi la mgodi linawadya mapapo. Asanamwalire anandipatsa timiyala makumi atatu, nati, "Mdzukulu wanga adzavale pa tsiku lake." Miyalayo ndinainola miyezi iwiri, mpaka zala kuchita matuza, kenako n'kuitsekera m'sutikesi.

Mwala weniweni susuluka.

Ndinamuvula mkandawo, n'kulunjika pansi pa mtengo wa tsanya pamene amuna anga, a Mbakumua, ankadya nyama ndi akuluakulu a kuchimuna. Ndinatenga beseni losambira m'manja n'kuuponyamo.

"Mwatani kodi, mayi a Kauna?" anafunsa akuseka mokakamiza. "Alendo akuona."

"Aone! Si abwerera zomwezo?"

Madzi anayamba kuda. Ndinapikicha kamwala kamodzi ndi chala, kanayera mbee ngati dzino.

"Miyala ya bambo anga ili kuti?"

"Tikambirana kunyumba."

"Onetsani manja."

Anakana. Mkulu wanga Veripi, amene saopa mwamuna aliyense, anawagwira dzanja n'kulitembenuza. M'zikhadabo munali utoto, ngakhale zinkaoneka kuti anazikwecha ndithu.

"Kalanga ine!" anakuwa Veripi. "Alamu, mwasanduka liti wonyika nsalu?"

Palibe anaseka.

"Ndinaigulitsa kwa wamalonda wa ku Windhoek," anatero a Mbakumua, maso ali pansi. "Chilala chinatimalizira khola, mukudziwa. Munkafuna anthu onsewa adye chiyani? Ng'ombe mukudyayi yachokera kumeneko."

"Mukanandifunsa!"

"Mukanalola?"

"Ayi! Akanadya phala ndi mkaka wosasa, n'kupita akutinena. Bambo anga anatsokomola magazi zaka zinayi kuti inu mutchuke tsiku limodzi?"

Ndinkafuna kuwakhuthulira beseni lonselo pa jekete lawo latsopano, ndipo ndinali nditalinyamula kale pamene Kauna anafika. Anaima pakati pathu, osalira. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, kenako mbale ya nyama inali pamiyendo pawo.

"Mayi, ikani pansi," anatero. "Idyani, bambo. Mwaigula modula."

Anabwerera kwa mwamuna wake khosi lili lopanda kanthu, ndipo anakana kuti aliyense amupukute.

Oyimba anayambiranso, koma pansi pa tsanya paja akuluakulu anasuntha ndi mbale zawo mmodzimmodzi, mwakachetechete. A Mbakumua anatsala okha, nthuli ili m'manja, ntchentche zikuterapo.