Loko Wotsala pa Swichi

"Dula lokoyo tiyatse magetsi," anatero abwana, uku akundipatsira chodulira zitsulo.

Tinali m'kachipinda ka maswichi pafakitale ina yoziziritsa mkaka, kumene kampani yathu inkamaliza kuika mapanelo a sola padenga. M'mawa tinazimitsa magetsi a fakitale yonse kuti tilumikize mawaya athu ndi awo, ndipo tinalonjeza kuti pofika masana tikhala titayatsa. Masanawo anali atadutsa kalekale. Mwini fakitale ankangozungulirazungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira, akutikumbutsa kuti mkaka wake ukusasa.

Pantchito yathu pali lamulo limene anandiphunzitsa tsiku loyamba, ndisanadziwe n'komwe kumene kuli chimbudzi. Aliyense wogwira mawaya amakhoma loko wake pa swichi yaikulu, kiyi n'kuponya m'thumba, ndipo swichiyo siyatsidwa mpaka aliyense atachotsa loko wake ndi dzanja lake. Tsikulo maloko onse anali atachotsedwa kupatula wa a Wailesi, bambo wolumikiza mawaya amene anapatsidwa dzinali chifukwa choimba nthawi zonse. Foni yawo inkangoitana osayankhidwa. Galimoto ya kampani inali itapita kukagula mabawuti, ndipo wina anati anaona jekete ya a Wailesi pampando wakutsogolo.

Abwana sanali munthu woipa, anangopanikizika. Anandifotokozera mofulumira kuti gawo la a Wailesi linatha m'mawa, ndiponso kuti aka sikanali koyamba mkuluyu kuchoka ndi kiyi m'thumba. Zonsezo zinali zoona. Komanso ine ndinali ndidakali pa nthawi yoyesedwa, ndipo woti anene ngati ndikhale kapena ndichoke anali iwo omwewo. Ndisanapeze ntchitoyi ndinakhala pakhomo nthawi yaitali, digiri ili m'sutikesi, achimwene akumanditchula injiniya wamkulu woona za mababu a m'nyumba. Nditalembedwa, amayi ankachapa ovolosi yanga n'kumaiyanika kumaso kwa nyumba kuti aneba aione bwino. Ndinkachita mantha kwambiri kubwerera kukakhala pakhomo paja.

Chodulira chija ndinachilandira, ndipo ndinafika pochitsegula kukamwa. Kenako ndinamva mawu anga akutuluka, aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Ndikawaone kaye a Wailesi, bwana."

"Ukawaone kuti? Munthu ali m'tauni." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ngati ntchitoyi yakukulira unene. Anzako ofuna malo amenewa ndi ambiri."

Ndinatuluka chodulira chili m'manja, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachitenga dala kapena ndinangoiwala kuchisiya.

Ndinakwera makwerero mpaka padenga. Malata ankawotcha ngakhale ndinali m'nsapato zolimba. Ndinayenda m'mizere yonse ya mapanelo ndikusuzumira pansi pake, ndikuitana, koma ndinangopeza botolo la madzi lopanda kanthu. Ndinatsika n'kukayang'ana kosungira katundu ndi kumthunzi kumene tinkadyera. Kunalibe munthu. Apo ndinayamba kukonzeratu mawu okawauza amayi, kuti ntchito yandithera chifukwa cha loko wa munthu amene ankasankha mabawuti m'sitolo.

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa fakitale, kumene kuli matanki a madzi, kungofuna kuchedwetsa manyazi. Popeza makina onse anali atazima, pamalopo panali zii, ndipo ndinamva munthu akuimba chapansipansi. Kuseri kwa thanki kunali bokosi lachitsulo limene mawaya akuluakulu amaloweramo. A Wailesi anali atagwada pamenepo, mutu m'bokosi, manja onse awiri ali pa mkuwa wosakutira.

Atamva mapazi anatembenuka n'kumwetulira. Anati ndafika pa nthawi yake, chifukwa podutsa anaona waya wina atamangidwa mogwedera, ndiye anati angoumanga bwino tisanayatse. Foni anaisiya m'jekete, jeketeyo n'kupita ndi galimoto. Anandipempha kuti ndiwagwirire sipanala.

Abwana anatulukira pakona akubwera mwaliwiro, mwini fakitale ali pambuyo, onse awiri akulankhula nthawi imodzi. Ataona zimene ndinkaonazo anaima pomwepo. Mwini fakitale anapitiriza za mkaka kwa kanthawi, kenako nayenso anasiya.

A Wailesi anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso awo n'kutsikira pa chimene chinali m'manja mwanga.

"Nanga chimenecho mukukadulira chiyani, a Digiri?"

Ndisanatsegule pakamwa, abwana anandilanda chodulira chija pang'onopang'ono n'kuchibisa kumbuyo kwawo.

"Palibe," anatero. "Malizani bwinobwino, musathamange."

A Wailesi anabwezera mutu m'bokosi n'kupitiriza nyimbo yawo. Abwana anakhala pansi pa simenti yotenthayo, atavala buluku lawo la ku ofesi, n'kutulutsa foni kuti aimbire a kulikulu la kampani kuti tichedwa. Chala chawo chinkaphonya manambala. Anayesanso, chinaphonyanso, ndipo anandipatsa foniyo osandiyang'ana kuti ndiwaimbire ine.