Mwana Analipo

Kwathu amanditcha Wailesi. Sindikana, nkhani ikalowa m'khutu mwanga sichedwa kutulukira pakamwa. Mng'ono wanga ndiye amamutcha Phee, chifukwa ngakhale mutamuponda chala amangokuyang'anani.

Phee wakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Kamodzi kokha anaima, n'kuuza aliyense mwachimwemwe, koma mimba isanaoneke anapita padera. Apongozi ake anangoti, "Inalipodi mimbayo? Ife sitinaione." Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Ndiye atamwa mapilitsi a kuchipatala othandiza kuti mazira akhwime, mwezi ndi mwezi, mpaka kachipangizo koyezera mkodzo kaja kuonetsa mizere iwiri, anauza ine ndekha. Mwamuna wake amayendetsa malole, anali paulendo.

"Asisi, lumbirani. Asamve munthu mpaka diresi itayamba kundithina."

Ndinalumbira. Ndipo ndinasungadi, ine Wailesi, ngakhale m'kamwa munkachita kuyabwa.

Tsiku limenelo ndinali kusaluni, ndikuluka tsitsi, foni n'kulira. Anali apongozi a Phee aja. "Bwerani kuchipatala, m'bale wanuyu wagwa kubafa."

Ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka, chipeso chili chilendewere m'tsitsi.

Ndinawapeza pabenchi lalitali m'khonde, pamzere wa anthu odikira adokotala. Phee anali atapindika, dzanja lili m'munsi mwa mchombo chakumanja. Milomo mbuu. Apongozi anakhala pambali pake, chikwama chili pamiyendo ngati akudikira basi.

"Amuona kale?" ndinafunsa.

"Anesi amufunsa mafunso. Akuti mwina ndi zimene wadya. Amupatsa mapilitsi opha ululu."

"Mafunso otani?"

"Ati kaya ndi woyembekezera." Anaseka ndi m'mphuno. "Ndawayankha ndine kuti pamenepo musatayepo nthawi. Mwiniwakenso wavomereza."

Ndinagwada patsogolo pa Phee ngati ndikumukonza nsapato.

"Iwe, wawauza anesi kuti ulibe?"

"Amayi anali pompo," ananong'ona.

"Ndiye ufe chifukwa cha iwowa?"

"Asisi, chonde. Ikachokanso adzati ndinanama. Kawiri konse sindingapirire. Munalumbira."

Ndinamugwira manja. Anali ozizira, onyowa thukuta. Mzere sunkasuntha. Kutsogolo kwathu kunali bambo womanga nsanza kuphazi, mayi wa mwana wotsokomola, ndi ena osawerengeka. Ndinadziuza kuti adokotala akamuitana ndilowa naye ndekha, nditseka chitseko, tinena bwinobwino. Ndinadikira. Ine munthu wosadziwa kudikira, tsiku limenelo ndinadikira.

"Phewa likundiwawa," Phee anatero. "Kukuchita mdima."

Anafuna kudzuka. Mawondo anakana, mutu wake n'kudzagwera pachifuwa panga. Ndinamuitana, osayankha.

Basi, lumbiro linathera pomwepo. Ndinaimirira n'kutsegula wailesi yonse.

"Anesi! Mwanayu ali ndi pakati! Ali ndi pakati, wakunamizani!"

Khonde lonse linacheuka. Nesi uja anatuluka akuthamanga, n'kumukulunga chopimira magazi pamkono. Atayang'ana manambala nkhope inasintha. "Akumvanso kuwawa phewa?" Sanadikire yankho, anakuwira anzake kuti abweretse bedi la mateyala.

M'kachipinda ka sikani, dokotala wamkazi wamfupi anayendetsa kachitsulo pamimba ya Phee, maso ali pagalasi. Sanazungulire.

"Mimba yakhala m'chubu, njira imene dzira limadutsa, osati m'chiberekero. Chubucho chaphulika, magazi akutayikira m'kati. Tikupita naye kuopaleshoni pompano."

Ndinawagwira mkono wa gauni. "Adokotala, chiberekero musachotse. Alibe mwana ndi mmodzi yemwe."

"Ndamva, mayi. Koma choyamba ndi moyo wake. Ndisiyeni ndipite."

Akumukankha, Phee anatsegula maso pang'ono. Atandiona anatembenuzira nkhope kukhoma. Zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

Tinakhala panja pa chitseko cha magalasi oyera, ine kuno, apongozi uko. Nesi wina anadutsa ndi matumba a magazi m'manja, akuyenda mwa ndawala. Ndinayesa kupemphera koma mawu ankangothera pa "Ambuye".

"Nanga bwanji osatiuza?" apongozi anafunsa, mawu ali pansi.

"Akuuzeni kangati, amayi? Poyamba paja anakuuzani. Lero anesi afunsa iye, mwayankha ndinu."

Ndinali ndi zambiri zoti ndiwonjezere, zina zosayenera kunenedwa pachipatala. Koma nditaona chikwama chikunjenjemera pamiyendo pawo, ndinameza.

Dzuwa litapendeka dokotala uja anatuluka, akuvula chophimba kukamwa.

"Ali moyo. Wataya magazi ambiri, mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Chubu chophulikacho tachotsa. Chinacho chikuoneka bwino, chiberekero sitinachikhudze. Akachira abwere tidzakambirane, mwayi ulipo."

"Nanga mwana?" Anafunsa ndi apongozi.

"Pamene anakhalapo sakanakula, amayi. Palibe akanamupulumutsa."

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kulira ngati kamwana.

Kuwodi tinamupeza atagona chagada, diripi ili pamkono. Apongozi anaima kumiyendo kwa bedi, osayandikira. Ndinakonzeka kuti andikalipire, kapena andikhalire chete mpaka kalekale, zimene kwa Phee n'zosavuta.

"Asisi, mwaulula."

"Ndaulula. Chipatala chonse chamva. Udane nane uli moyo."

Anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. "Wapita?"

"Wapita, mwana wa amayi. Koma chiberekero chilipo, ndi chubu chimodzi."

Kenako anafunsa, "Adokotala anamuona?"

"Anamuona."

"Ananena pamaso pa amayi?"

Ndisanayankhe, apongozi anayankha okha, mawu akuthyoka. "Ndamva ndi makutu anga, mwananga. Analipo."

Phee sanawayang'ane. Anandifinya chala ndi timphamvu timene tinamutsalira.

"Asisi, tsopano mukauze aliyense. Kusaluni kwanu, kumpingo, apabanja onse. Mukanene kuti mwana analipo."

Ndinatulutsa foni kuti ndiyambe ndi mlamu wanga, mwamuna wa Phee. Inaitana, iye n'kuyankha, "Halo, alamu?" Ndinatsegula pakamwa, ine Wailesi, mawu osatuluka.